MULUNGUSHI: MTSINJE UMENE UNAYAMBA KUTIPATSA MAGETSI

Anthu ambiri akamva dzina la Mulungushi amakumbukira thanthwe lija la pafupi ndi Kabwe, pamene a UNIP anacitira msonkhano wao mu 1960. Koma mtsinje umene unapatsa thanthwelo dzina uli ndi mbiri inanso yakale kuposa imeneyi. Pa mtsinje umenewu ndi pamene panamangidwa damu ndi nyumba ya magetsi mu 1925, Kariba ndi Kafue Gorge zisanamangidwe n'komwe.

Nkhani yace iyambira ku mgodi. Mu 1902 mzungu wina, T. G. Davey, anapeza miyala ya mtobvu ndi zinki pamalo amene anawacha Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero. Njanji inafika kumeneko mu 1906. Koma kupopa madzi m'mgodi ndi kuyenga zinki kunafuna mphamvu yoculuka, ndipo malasha anali kucokera kutali ku Wankie. Cotero kampani ya mgodiwo inayang'ana ku Mulungushi, kum'mwera cakum'mawa kwa tauniyo, kumene mtsinje umatsikira m'cigwa cakuya. Amene anatsegulira damulo ndi Prince of Wales, yemwe anadzakhala Mfumu Edward VIII mu 1936.

Nanga madzi, amene amazima moto, angabale bwanji magetsi? Aliyense amene ali ndi njinga ya nyale adziwa kale yankho. Gudumu likazungulira limazunguza dainamo, nyale n'kuyaka. Mukapalasa pang'onopang'ono, nyalenso imacita cizimezime. Ku Mulungushi opalasa ndi madzi.

Damu limasunga madzi a m'dzinja kuti afikire m'cilimwe. Kucokera pamenepo amayenda m'ngalande mpaka pa mphepete pa cigwa, nalowa m'mipope yacitsulo imene imatsetsereka mamita oposa 300. Pofika pansi amakhala ndi ukali woopsa, ndipo amaomba gudumu lalikulu lochedwa tabaini. Gudumulo limazunguza jenereta, m'mene maginito amathamanga pakati pa nthambo za mkuwa, ndipo magetsi amabadwa. Thiransifoma imawakweza mphamvu kuti ayende mtunda wautali pa nthambo osatayika ambiri. Cinsinsi conse cagona pa zinthu ziwiri: kuculuka kwa madzi ndi kutalika kwa pamene agwera. Ndiye cifukwa cace mtsinje waung'ono ngati Mulungushi unatha kuyendetsa mgodi.

Akuru anati madzi saiwala khwawa. Akatha nchito yao, madziwo amabwerera mumtsinje osacepa ndi dontho lomwe, nathira mu Lunsemfwa, ndipo Lunsemfwa amathira mu Luangwa. Inu amene mumaoloka ulalo wa Luangwa popita ku Cipata, ena mwa madzi amene mumaona pansipo anayamba agwira nchito ku Mulungushi.

Tisabise: magetsi oyambawa sanali a anthu a kumudzi. Anali a mgodi, ndipo nthambo zinali kudutsa pamwamba pa midzi imene inali kuunikira ndi nsakali. Mgodi utafuna mphamvu yoonjezera, anamanganso nyumba ina ya magetsi pa Lunsemfwa mu 1945. Bungwe la ZESCO, loti lifikitse magetsi m'dziko lonse, linadzakhazikitsidwa mu 1970, titalandira kale ufulu.

Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma nyumba ya magetsi sinafe nao. Mu 2001 inapita m'manja mwa kampani ya Lunsemfwa Hydro Power, ndipo mu 2025 inakwanitsa zaka 100.

Cimene cingaimitse gudumuli si ukalamba ai, koma kusowa kwa madzi. Tinaziona mu 2024, pamene cilala cinaphwetsa madamu m'dziko muno, magetsi nazima maola ambiri pa tsiku, zigayo zinaima, ndipo amai anabwerera ku mtondo. Mvula sitingailamule. Koma mitengo ya kumagwero a mitsinje ili m'manja mwathu. Tikaitha ndi makala, kapena tikalima mpaka m'mphepete mwa madzi, mvula imangokokolola dothi ndi kukwirira madamu, ndipo mtsinje umaphwa Okutobala asanafike. Wosunga mtengo kumtunda ndiye amayatsa nyale ya pa cipatala kumunsi.