MASEWERA A PA KOMPYUTA AKAYAMBA KUTSIMPHINA

Masiku ano m'nyumba zambiri za ku Kitwe, Chingola, Mufulira ndi Lusaka muli makompyuta amene anyamata ndi atsikana amacitirapo masewera a mpira, a galimoto ndi a nkhondo. Kawirikawiri pamamveka dandaulo lakuti masewera alikutsimphina: zithunzi ziima-ima, galimoto ilumpha m'malo moyenda, ndipo wosewera agonja asanamuone mdani wace. Zikatere ambiri amathamangira kusitolo kukagula khadi la zithunzi latsopano. Khadi lotere likhoza kumeza malipiro a mwezi wathunthu, ndipo ena atataya ndalama zonsezo amapeza kuti nthenda ikalipobe, pakuti sinali m'khadi ai. Cifukwa cace munthu wanzeru amayamba wafufuza asanapise dzanja m'thumba.

Nchito ya khadi

Zithunzi za pa kompyuta siziyenda zoona. Ndi zithunzi zoima zimene zimasinthana msanga-msanga kufikira diso linyengedwa, monga momwe zicitira ku bayisikopo, kumene zimadutsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Koma zithunzi za ku bayisikopo zinajambulidwa kale, pamene za masewera khadi liyenera kuzijambula nthawi yomweyo. Likajambula 60 pa sekondi masewera amayenda myaa. Likatsika kunsi kwa 30 diso limaona kutsimphina kuja. Sikirini ya 1920 ndi 1080 iri ndi timadontho 2,073,600, ndipo ya 4K iri ndi 8,294,400, ndiko kuti nchito yace icuruka kanai.

Kuyeza kudze poyamba

Sing'anga wabwino sapereka mankhwala asanayeze wodwala. Pa Windows mwini kompyuta akadina pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc pamatseguka Task Manager, amene kuyambira caka ca 2017 amasonyeza kulemera kwa nchito ya khadi, ndipo kuyambira 2020 amasonyezanso kutentha kwace. Pulogalamu yaulere ya MSI Afterburner imaonetsa manambala omwewo masewera ali mkati.

Ngati khadi liri pafupi ndi 100 peresenti, ndiye kuti lapereka mphamvu zace zonse. Ngati liri pa 50 kapena 60 koma masewera alikutsimphinabe, ndiye kuti likudikira cina. Anthu a m'migodi adziwa bwino zimenezi. Cikepe cingakhale camphamvu cotani, ngati ngolo za pansi zicedwa kubweretsa miyala, mkuwa wofika pamwamba udzakhala wocepa, ndipo kugula cikepe cina sikudzasintha kanthu. M'kompyuta ngolozo ndizo pulosesa ndi RAM. Njira yodziwira njapafupi: mwini acepetse timadontho ta masewera. Zithunzi zikacuruka, colemedwa ndi khadi. Zikapanda kusintha, bvuto liri kwina. Pamenepo atseke mapulogalamu ena onse, aonenso ngati masewerawo sanamangidwe pa zithunzi 30 m'makonzedwe ace.

Zinthu zisanu zoyenera kuona

Coyamba ndi nthambo ya sikirini. Kumbuyo kwa bokosi kuli malo awiri olowetsapo nthamboyi: ena pa bolodi lalikulu lochedwa motherboard, ena pa khadi lenileni, ca m'munsi. Nthambo ikalowa pa bolodi, zithunzi zimajambulidwa ndi kacigawo kofooka ka m'pulosesa, khadi la mtengo wapatali lingogona. Laputopu nayo imacepetsa mphamvu zace ikamayendera batire, cotero posewera iyenera kulumikizidwa ku magetsi.

Caciwiri ndi pfumbi ndi kutentha, adani akulu m'matauni a migodi, makamaka mwezi wa October. Pa makhadi ambiri pali timipope ta mkuwa, citsulo comweco cimene cimakumbidwa ku Copperbelt, pakuti mkuwa umasamutsa kutentha msanga kuposa aluminiyamu. Timipopeti timatengera kutentha ku timapepala tacitsulo kumene fani imakupiza. Pfumbi likatseka mipata yace khadi limatentha, ndipo makhadi ambiri a Nvidia akafika pafupi ndi madigiri 83 amadzicepetsa okha liwiro kuti angapse. Cizindikiro cace ncakuti masewera amayamba bwino, koma patapita mphindi zingapo amayamba kutsimphina. Mwini azule nthambo ya magetsi, atsegule bokosi, agwire fani ndi cala kuti ingazungulire, ndi kucotsa pfumbi ndi kaburashi kouma. Madzi asayandikire konse. Bokosi lisakhale pansi kapena m'kabati yotseka. Pa khadi lakale, mafuta olimba okhala pakati pa cipu ndi mkuwa amauma. Kusintha amenewa ndi nchito ya mmisiri.

Cacitatu ndi pulogalamu yochedwa driver, imene iri ngati womasulira pakati pa masewera ndi khadi. Masewera atsopano amafuna womasulira wodziwa mau atsopano. Nvidia, AMD ndi Intel amapereka pulogalamuyi kwaulere pa intaneti, ndipo nkwabwino kuitenga kwa eni ace, osati kwa wina aliyense. Amene wacotsa khadi la AMD ndi kuikapo la Nvidia, kapena la Nvidia ndi kuikapo la AMD, ayambe wafafaniza driver yakale ndi Display Driver Uninstaller, kuti omasulira awiri angakangane.

Cacinai ndi mphamvu ya magetsi. M'bokosi muli kabokosi kogawa magetsi, ndipo khadi liri lonse liri ndi muyeso wace. GeForce GTX 1060 ya mu 2016 imadya mawati 120, ndipo eni ace anati ifunika kabokosi ka mawati 400. RTX 3060 ya mu 2021 imadya 170, nifuna ka 550. Kabokosi kofooka kamazimitsa kompyuta mwadzidzidzi nkhondo itafika pacimace. Ambiri akumbukira caka ca 2024, pamene madzi anacepa m'damu la Kariba ndipo magetsi anali kuzima-zima m'Zambia. Pa nthawi zotere nkwanzeru kuzula nthambo magetsi akazima, pakuti pobwera akhoza kudza ndi mphamvu yopitirira ndi kuocha ziwiya.

Cacisanu ndi makonzedwe a masewera. Khadi liri ndi nkhokwe yace-yace yosungiramo zithunzi. Nkhokwe ya magigabaiti 3 kapena 4 ikadzala, khadi limabwereka malo kutali, ndipo ulendo umenewo ndiwo ucedwetsa. Kutsitsa makonzedwe kucoka pa Ultra kufika pa Medium, makamaka mithunzi, kumapepuza katundu koposa, cikhalireco diso siliona kusiyana kwakukulu. Palinso DLSS ya Nvidia ndi FSR ya AMD, njira zojambula cithunzi cacing'ono ndi kucikulitsa mwaluso.

Ogula khadi logwirapo kale nchito

Ngati zonsezi zayesedwa ndipo khadi likhalabe pa 100 peresenti, pamenepo mpoyenera kuganiza zogula lina. Koma wogula lakale acenjere. Kufikira September 2022 makhadi ambirimbiri anali kugwira nchito usana ndi usiku "kukumba" ndalama ya pa intaneti yochedwa Ethereum, ndipo kukumbako kutatha ambiri anagulitsidwa, ena mafani ace atatopa. Alipo ndi makhadi acinyengo, akale obvekedwa dzina la atsopano. Wogula apemphe kuliona likusewera kwa theka la ora, ayang'ane kutentha kwace, ndi kuliyesa ndi pulogalamu ya GPU-Z imene imaulula zamkati mwace. Wogulitsa wokana zimenezi ali ndi cimene abisa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kaburashi, nthambo yolowa pamalo pace ndi madzulo amodzi a kufufuza zikhoza kusunga ndalama zimene zikadagula ufa ndi kulipira sukulu ya ana.