Kapendamidwe ndi Poyambira: Mawu Ofotokozera Galafu ya Malipiro

Aphunzitsi a masamu pamodzi ndi alembi a nkhani za chuma amazunguzika akafuna kufotokoza m'Chichewa galafu ya mzere woongoka. Mawu a Chingerezi osautsa ndi awiri: slope, amene mabuku a sekondale amawatchanso gradient, ndi intercept.

Ena amamasulira slope kuti chikweza, ena mtsetse. Mawu onsewa ndi operewera chifukwa chikweza chingokwera basi ndipo mtsetse ungotsika, pamene mzere wa pagalafu ungathe kukwera, kutsika kapena kugona. Mawu oyenera ndi akuti kapendamidwe, ochokera ku mneni kupendama, monga momwe kayendedwe achokera ku kuyenda. Intercept ndi malo pamene mzerewo udutsa mzere woimirira wa galafu, ndipo pankhani ya malipiro mawu akuti poyambira akwanira bwino.

Mwachitsanzo, mayi wogulitsa nsalu m'sitolo ya ku Old Town mu Lilongwe alandire K120,000 pamwezi, kuonjezapo K500 pa chitenje chilichonse chimene wagulitsa. Mzere wopingasa uonetse zitenje, woimirira uonetse ndalama. Poyambira ndi K120,000, ndalama imene mayiyo alandira ngakhale asagulitse chitenje ndi chimodzi chomwe. Kapendamidwe ndi K500 pa chitenje chilichonse. Mlembi asataye mawu akuti "pa chitenje chilichonse", pakuti nambala ya 500 payokha ilibe tanthauzo. M'zilembo za masamu zonsezi zilembedwa y = 500x + 120,000.

Koma mawu akuti poyambira ali ndi msampha. Woŵerenga aganiza kuti munthu aliyense amayamba ali ndi kanthu m'manja, pamene ena amayamba ndi ngongole. Mnyamata wa kabaza wonyamula anthu pakati pa Area 9 ndi Old Town pa njinga yamoto ya mwini wake ayenera kupereka, mwachitsanzo, K6,000 kwa mwini njingayo tsiku lililonse. Ngati ulendo uliwonse umusiyira K1,500 atachotsa za petulo, poyambira pake ndi pansi pa ziro, ndiye kuti -6,000. Maulendo anayi oyamba agwirira mwini njinga; ndalama yake iyamba kuoneka pa ulendo wachisanu. Pamene mzere wake udutsa mzere wopingasa, pa nambala 4, Chingerezi chimatchaponso intercept. Apa mawu akuti poyambira sakhoza konse. Ndi bwino kunena kuti pobwezera, pakuti ndi pamene munthu wabweza zonse zimene anayenera kulipira. Tsono pamene Chingerezi chili ndi liwu limodzi, Chichewa chifuna awiri, ndipo si chilema.

Akonzi achenjere ndi maso awo. Mzere womwewo uoneka wochita phiri ngati wojambula watalikitsa mipata ya mzere woimirira, ndipo uoneka wogona akaifupikitsa. Kulemba mutu wa nkhani woti malipiro akukwera kwambiri pongoona chithunzi, osaŵerenga manambala a m'mbali, ndiko kunamiza anthu. Ndiponso mzere wokwera msanga sutanthauza malipiro ochuluka nthawi zonse: wogulitsa wolandira K1,000 pa chitenje koma woyambira pa K60,000 atsalira m'mbuyo mwa mayi uja kufikira onse awiri atagulitsa zitenje 120.

Malipiro ena satsata mzere umodzi. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 linaika maola 48 ngati malire a ntchito pasabata, ndipo linati ola loonjezera pa tsiku wamba la ntchito lilipiridwe malipiro a ola limodzi ndi theka. Galafu ya wantchito wolipidwa pa ola ipindika pamene maola oonjezera ayamba, motero mphunzitsi anene za kapendamidwe koyamba ndi kapendamidwe kachiwiri, ndipo atchule ola limene mzerewo wapindikira.