KUKHALA PAKATI PA ZOMBA, MZINDA WA KOLEJI

Mzinda uli wonse wa m'maiko ano uli ndi nchito imene iudyetsa. Kitwe ndi Luanshya inakula cifukwa ca migodi, Bulawayo cifukwa ca njanji ndi mafakitale, Blantyre cifukwa ca malonda. Koma ulipo mtundu wina wa mzinda umene anthu ace ambiri adyera pa sukulu yaikulu, ngakhale iwo eni sanaloweko m'kalasi mwace. Zomba, m'dziko la Malawi, ndi mzinda wotere. Nkhani ino ifotokoza za umoyo wa munthu amene nyumba yace iri pakati pa mzindawu, pafupi ndi msika ndi masitolo, ndiponso pafupi ndi Yunivesite ya Malawi: zimene apindula, zimene zimsautsa, ndi zimene ayenera kuzidziwa asanamange kapena kubwereka nyumba kumeneko.

M'MENE KOLEJI INAFIKIRA

Zomba ali patsinde pa phiri lalikulu limene nsonga yace ipitirira mamita 2,000, pa mtunda wa makilomita ngati 65 kucokera ku Blantyre. Kuyambira caka ca 1891, pamene Harry Johnston anakhazikapo boma la Angerezi, Zomba anali likulu la dziko, ndipo anthu a m'tauni anali kudyera pa nchito za Boma, monga ukalaliki, umesenjala, upolisi, usilikali ndi ukhukhi ku nyumba za mabwana. Dziko litalandira ufulu mu 1964, kunagamulidwa kuti likulu lisamukire ku Lilongwe, ndipo linasamukadi mu 1975. Nyumba ya Malamulo inatsalira m'Zomba kufikira 1994.

Pa nthawi yomweyo cinafika cinthu cina. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, m'Blantyre, ndi ophunzira 90 okha. M'caka ca 1973 Chancellor College inasamutsidwa kudza ku Chirunga, kumunsi kwa tauni ya Zomba. Cotero pamene akalaliki a Boma anali kumanga katundu wao, ophunzira anali kumasula wao. Mu 2021 makoleji ena a ku Blantyre ndi Lilongwe anapatuka nakhala mayunivesite paokha, ndipo dzina la Yunivesite ya Malawi linatsala pa sukulu ya ku Chirunga, imene lero iri ndi ophunzira zikwi zingapo.

Nchito zina za Boma zikali m'Zomba. Muli nyumba yosungira makalata akale a dziko, nyumba yosindikizira mabuku a Boma, ofesi yowerenga anthu, bungwe loyendetsa mayeso a m'sukulu, asilikali a ku Cobbe Barracks, ndende yaikulu, cipatala cacikulu, ndi cipatala ca odwala misala. Koma m'mzinda umene pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu 105,013, palibe cina cimene cibweretsa alendo ambiri nthawi imodzi, ndi kuwacotsanso nthawi imodzi, monga icitira koleji.

UBWINO WA PAKATI PA TAUNI

Pakati pa Zomba mpocepa, kotero kuti munthu apayenda ndi miyendo. Mseu waukulu wocokera ku Blantyre kunka ku Liwonde upyola pakatipo, ndipo m'mbali mwace muli masitolo, mabanki, ndi mzikiti umene uonekera patali. Msika ndi depoti ya mabasi ziri moyandikana. Pa msikapo pafika matemba ndi mpunga zocokera ku Nyanja ya Chilwa, ndiponso mbatata ya kacewere, masamba ndi zipatso zotsika m'phiri. Madzi a m'mipopi acokera ku damu la Mulunguzi, pamwamba pa phirilo.

Wokhala pamenepa sataya ndalama zambiri pa ulendo. Mai wa pabanja apita ku msika m'mamawa nabwerako dzuwa lisanatenthe. Wodwala afika ku cipatala msanga. Mwana wa sukulu sasowa kukwera minibasi. Amene watopa, kapena wasenza katundu, aitana wakabaza.

Ubwino wina ucokera ku koleji. Wophunzira ali yense asowa cakudya tsiku ndi tsiku, asowa womumeta kapena womuluka tsitsi, womusokera nsapato, womukonzera foni, ndi womucitira fotokope. Cifukwa cace amai ophika nsima m'timalesitilanti, anyamata a pa ciwaya, matelala, ogulitsa makala ndi eni maokala apeza ogula pakhomo pomwe. Pa nyengo yolandira madigiri, pamene makolo ndi abale adzaza Great Hall, nyumba zogona alendo zimatha malo, ndipo ojambula zithunzi sapuma. Ana a m'tauni akula ali kuona anyamata ndi atsikana onyamula mabuku, ena mwa iwo ocokera m'midzi yosauka, ndipo maphunziro apamwamba saoneka kwa iwo monga cinthu ca anthu ena. Makolo ambiri apangana ndi wophunzira kuti azithandiza mwana wao masamu madzulo.

BVUTO LA NYUMBA

Walira mvula walira matope. Bvuto loyamba la mzinda wa koleji ndi nyumba. Pa zaka zoyamba ophunzira anali owerengeka, ndipo anali kugona ndi kudya m'kati mwa koleji. Pambuyo pa caka ca 2000 yunivesite inayamba kulandira ophunzira ambiri ogona kunja, ndipo nyumba zogona za pa koleji sizinaculuke monga anaculukira ophunzira. Otsalawo anatuluka kukafuna zipinda ku Chikanda, kumene kuli pafupi ndi koleji, ndi m'madera ena monga Matawale ndi Mpondabwino, kufikira m'nyumba za pakati pa tauni.

Zimene zicitika pamenepo nzosabvuta kuzimvetsa. Banja lobwereka nyumba lilipira mtengo umodzi pa nyumba yonse. Ophunzira alipira yense payekha, ndipo m'cipinda cimodzi mugona awiri, atatu, kapena anai. Mwini nyumba akawerenga aona kuti ophunzira ampatsa zoposa za banja. Tsono agawa cipinda cocezera pakati, amanga tizipinda tina kuseri kumene kunali dimba, nauza banja lija kuti lendi yakwera. Mphunzitsi wa pulaimale, namwino kapena mlonda amene anakhala pamalopo zaka zambiri asamukira kutali, nayamba kulipira kabaza m'mawa ndi madzulo.

Wophunzira nayenso sakhala pabwino nthawi zonse. Tizipinda tomangidwa mofulumira kawirikawiri tikhala topanda mazenera okwanira; cimbudzi cimodzi cigwira nchito ya anthu ambiri; mayunitsi a magetsi akatha pabuka mkangano wa amene anaphikira nyemba pa mbaula ya magetsi. Mbala zidziwa kuti m'cipinda ca wophunzira muli foni ndi kompyuta, ndi kuti masana mulibe munthu. Atsikana ocokera ku laibulale usiku ayenda ndi mantha m'njira zamdima.

Munthu wofuna nyumba m'Zomba, kaya ndi wa pabanja kaya ndi wophunzira, acita bwino kuona zinthu izi asanapereke ndalama. Aone ngati mpopi utulutsa madzi, ndipo afunse anthu amene atungapo. Awerenge anthu a pa cimbudzi cimodzi. Ayese citseko ndi loko. Apangane za kagawidwe ka ndalama za magetsi ndi madzi. Koposa zonse, pangano la lendi lilembedwe pa pepala, ndipo linene poyera ngati cipinda cilipiridwa pa nthawi ya chuthi, pakuti milandu yambiri ya eni nyumba ndi ophunzira iyambira pa mau amenewa. Safunsa anadya phula.

Womanga nyumba aziyamba wapita ku khonsolo ya mzinda kukabvomerezetsa pulani yace, ndipo akumbukire kuti Zomba ali patsinde pa phiri. Mu December 1946 mvula yaikulu inagumula mbali za phirilo, ndipo madzi osakanizika ndi miyala anaononga nyumba ndi milatho napha anthu. Akuluakulu acichabe cigumulaco Napolo. Mu March 2023 namondwe Freddy anasautsanso dera lonse la kum'mwera kwa Malawi, ndi Zomba yemwe. Malo a m'mphepete mwa Likangala ndi Mulunguzi, ngakhale akhale otsika mtengo ndi oyandikana ndi koleji, ayenera kuonedwa m'dzinja, madzi ali kuyenda.

KOLEJI IKATSEKA

Bvuto laciwiri liposa loyambalo, ndipo ambiri alizindikira mocedwa. Mlimi awerenga caka cace ndi dzinja ndi cilimwe. Wamalonda wa m'Zomba awerenga cace ndi kutsegula ndi kutseka kwa koleji. Sabata imene ophunzira afika, matiresi, ndowa, mbale ndi mapoto zitha m'masitolo. Pakati pa temu malonda atsika, makamaka kwa ophunzira amene adalira ngongole za Boma, zimene ziperekedwa ndi bungwe lokhazikitsidwa mu 2015. Ndalama zikawathera, mwini okala atsegula buku la ngongole. Mayeso akatha, mabasi adzaza, ndipo m'masiku owerengeka misewu ya ku Chikanda iti zii.

Chuthi colembedwa pa kalendala munthu acikonzekera. Coopsa ndi kutseka kwadzidzidzi, ndipo Zomba wakuona kangapo. Mu March 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yodzudzula kayendetsedwe ka dziko, ophunzira anayenda m'misewu kuibvomereza, ndipo koleji inatsekedwa. Mu 2011 panabuka mkangano pakati pa aphunzitsi a koleji ndi Boma pa nkhani ya ufulu wa kuphunzitsa mopanda mantha, ndipo maphunziro anaima pafupifupi miyezi 8. Mu March 2020 sukulu zonse za m'Malawi zinatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu September.

Pa nthawi zotere amene anakongola ndalama ku banki kuti amange zipinda za ophunzira apeza kuti banki siidikira koleji. Mai wa lesitilanti acotsa omthandiza, wogulitsa makala abwerera nao, ndipo mlimi wa m'phiri atsitsa mtengo wa mbatata yace. Kutseka kwa kalasi kufika mpaka ku munthu amene sadziwa kulemba dzina lace.

Anthu amene akhazikika bwino pakati pa Zomba ndi amene anaphunzira kusatsamira pa mzati umodzi. Mwini nyumba wanzeru asunga mbali ina ya nyumba zace kuti mukhale banja la wa nchito ya pamwezi, ngakhale lilipire zocepa, pakuti msilikali ndi namwino sapita ku chuthi ca miyezi itatu. Wophika cakudya afunanso ogula a ku depoti ndi a ku cipatala. Wamalonda apatula ndalama za miyezi ya zocuruka, monga mlimi asunga cimanga m'nkhokwe.

KUKHALIRANA

Cotsala ndi makhalidwe. Ophunzira ndi acinyamata, ambiri a iwo acoka kwa makolo kwa nthawi yoyamba. Agona mocedwa, aimba nyimbo mokweza mayeso akatha, ndipo ena aledzera nalankhula zosayenera pamaso pa ana. Pa masiku a zionetsero utsi wokhetsa misozi susankha nyumba. Anthu a m'tauni ali ndi cifukwa codandaulira. Ophunzira naonso adandaula kuti ena awaona monga thumba la ndalama, nawakwezera mtengo wa cinthu ciri conse.

Pamene zinthu ziyenda bwino ndi pamene mbali zonse ziwiri zikumbukira mwambo. Wophunzira wofika pamalo apereka moni kwa anansi, adziwitsa mwini nyumba akadza ndi mlendo, ndipo pakagwa maliro pafupi atseka wailesi napita kukakhala nao pa siwa. Mwini nyumba akonza denga lisanadonthe, aika nyali panja, ndipo wophunzira akadwala usiku amperekeza ku cipatala, pokumbukira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mkangano ukabuka, amfumu a m'deralo kapena akuluakulu oyang'anira za umoyo wa ophunzira ku koleji athandiza kuuthetsa usanafike ku polisi.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo wophunzira akhaladi m'Zomba zaka zinai kapena zisanu basi. Koma akacoka iye afika mnzace, ndipo zakhala cotero kuyambira 1973. Mnyamata amene lero apempha ngongole ya sopo pa okala, mawa adzakhala woweruza milandu kapena mphunzitsi wamkulu, ndipo adzakumbukira nyumba imene anagonamo. Wokhala pakati pa Zomba apindula ndi koleji ngati alemba mapangano ace, amanga pamalo pouma, asungira miyezi ya chuthi, ndipo alandira ana a eni monga akadafunira kuti wace alandiridwe kumene adzapita kukaphunzira.