Kuphika nyama ya mbuzi yokalamba

Ife a kugombe la nyanja, kuyambira ku Metangula, Messumba mpaka ku Cobue, tidazolowera nsomba. Usipa ndi utaka zimapsa msanga. Nyama ya mbuzi timaidya mwa kamodzikamodzi: paukwati, pamaliro, kapena a koperativa akatha kukolola. Ndipo mbuzi imene timapha kawirikawiri ndi ija yasiya kubereka. Nyama yake ndi yolimba. Tikaiphika ngati nsomba, agogo ndi ana amangomwa msuzi, nyama ikuwakanika kutafuna.

Kodi imalimba chifukwa chiyani? Mbuzi yokalamba yayenda m'mapiri zaka zambiri. Nyama yake ili ndi mitsempha yochuluka. Moto waukulu umaikokera mitsemphayo pamodzi, madzi a m'nyama ndi kutuluka. Koma moto wochepa, ukakhala nthawi yaitali, umaisungunula pang'onopang'ono. Mitsempha yomweyo ndi imene imasanduka msuzi wonona, womata milomo.

Yambani ndi zokometsera. Pa kilo 1 ya nyama tengani timagawo 4 ta adyo, tsabola wa kambuzi 2, anyezi 1 ndi mchere supuni yaing'ono 1. Sinjani zonse pamodzi mu kamtondo. Finyiranimo ndimu 1. Pakani nyama ponseponse, vundikirani, ikhale pamthunzi ola 1. Musapitirize, chifukwa kuno kunyanja kumatentha ndipo nyama sichedwa kuwonongeka. Ena amaikulunga m'masamba a papaya ofwanya. Amachita bwino: utomoni wa papaya umafewetsa nyama.

Tsabola musachulutse. Bambo wokonda kuwawa adziwonjezere yekha m'mbale mwake. Mphika ndi wa banja lonse.

Tsopano kazingani nyama m'mafuta ake omwe mpaka ifiire. Thirani madzi otentha, afike pakati pa nyama, osaimiza. Vundikirani bwino. Chotsani nkhuni zina pamafuwa, patsale makala ndi chikuni chimodzi. Mphika uzingoti bwatu, bwatu, osati kuwira kogwedeza chivundikiro. Mphika wadothi ndiye wabwino koposa pa ntchitoyi, pakuti umasunga kutentha. Dikirani maola 3, nthawi zina 4. Madzi akaphwa onjezani otentha pang'ono. Matimati alowe mu ola lomaliza. Nyama yapsa ikayamba kusiyana yokha ndi fupa. Apo ndiye muphike nsima ya chinangwa.

Kuphika kotere sikuchotsa choopsa chilichonse. Mbuzi yofa yokha musaisende, musaidye. Matenda ena a ziweto amagwira munthu pongokhudza magazi kapena chikopa. Uzani mlangizi wa ziweto, ndipo ikwiriridwe m'dzenje lakuya.

Zokometsera zonsezi zimamera kwathu kuno. Tsabola kwawo ndi ku America. Adafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi pambuyo pa chaka cha 1500, koma lero amabereka ngakhale kuseri kwa khola. Adyo ndi anyezi amakonda nyengo yozizira. Bzalani kudimba mvula ikatha, mu Epulo kapena Meyi. Kagawo kamodzi ka adyo kamabala mutu wathunthu. Masamba akauma zulani, mangani mitolo, pachikani pamthunzi podutsa mphepo. Mitu ikuluikulu musadye. Imeneyo ndiyo mbewu ya chaka chamawa.