Usiku Wotsiriza Mwana Asanachoke Pakhomo

M'chaka cha 1973 ku America kunatuluka kanema wotchedwa American Graffiti, amene anakonzedwa ndi George Lucas. Nkhani yake yonse ichitika usiku umodzi wokha wa m'chaka cha 1962, m'tauni ya Modesto ku California. Anyamata aŵiri, Curt ndi Steve, atsiriza sukulu ya sekondale, ndipo kukacha ayenera kukwera ndege kunka ku koleji yakutali. Usiku wonse iwo ndi anzawo angozungulira misewu pa magalimoto, kuitana atsikana pa zenera ndi kupikisana liŵiro, nyimbo za rock and roll zoposa 40 zikulira motsatizana pa wailesi.

Koma pansi pa phokoso lonselo pali mantha. Curt akayika ngati n'koyenera kupita. Chotidabwitsa ife n'chakuti safunsa atate ake. Apita kwa muulutsi wa pa wailesi, Wolfman Jack, amene achinyamata onse amvera mawu ake, nampeza ali yekhayekha m'kachipinda kunja kwa tauni. Mlendo ameneyu ndiye amlimbitsa mtima kuti apite akaone dziko. Makolo a Curt tiwaona m'maŵa mokha, pa bwalo la ndege, zonse zitatha kale.

Pomaliza kanemayu atiuza za tsogolo la anyamatawo. Steve anatsalira ku Modesto, Curt anakhala mlembi ku Canada, John anaphedwa ndi dalaivala woledzera mu 1964, ndipo Terry anasoŵa pa nkhondo ya ku Vietnam mu 1965. Usiku uja palibe mmodzi anadziŵa zimenezi.

Kuno ku Nkhotakota usiku wotere tiudziŵa bwino. Kale anyamata ankachezera pa gombe kudikira sitima ya Ilala, ena ankanyamuka ndi Wenela kunka ku migodi ya ku Joni. Lero ana athu azungulira pa njinga zamoto mu msewu wa M5, nyimbo zili m'makutu, maŵa lake nakwera basi. Ife makolo titanganidwa ndi kukazinga chiponde ndi kufunafuna ndalama za ulendo, koma pakamwa pathu pali duu.

Inu atate ndi amayi, mwana wophokosera kwambiri kaŵirikaŵiri ndiye ali ndi mantha. Musadikire pa siteji ya basi. Khalani naye pa mphasa dzuŵa lisanaloŵe, mumfunse chimene akuopa, mumuuze kuti khomo lili lotsegula ngakhale akabwere chimanjamanja. Mawu a akulu akoma akagonera, koma sangagonere ngati sananenedwe.