Mtsinje Ndiwo Unayamba, Mafumu Anadza Pambuyo

Mphunzitsi wofuna kuti ana a zaka 12 kapena 13 amvetse chiyambi cha maufumu akale a m'zigwa za mitsinje angachite bwino atayamba waika padera mayina a mafumu, nawafunsa anawo za dimba la kwawo. Pakuti mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, amene anaonapo Shire atasefukira, kenaka n'kuphwera ndi kusiya dothi lachonde mmene makolo ake amabzalamo chimanga ndi mbatata, wadziwa kale theka la mbiri ya Egypt asanatsegule buku.

Akatero awayalire mapu, awaonetse Nile, amene chaka ndi chaka ankadzaza ndi mvula ya kumapiri a Ethiopia, nasefukira pa nyengo yake yodziwika, kotero kuti eni dziko anagawa chaka chawo patatu: nyengo ya chigumula, ya kubzala ndi ya kukolola. Dziko lawo analitcha Kemet, ndiko kunena dziko lakuda, chifukwa cha matope aja. Popeza madzi a Nile amatsikira kumpoto pamene mphepo imaomba cholozera kummwera, ngalawa zinkatsika ndi madzi ndi kukwera ndi thanga. Ndipo chipululu chitatchinga adani uku ndi uku, dziko lonse linakhala pansi pa mfumu imodzi cha m'ma 3100 Khristu asanabadwe.

Koma m'chigwa cha mitsinje ya Tigris ndi Euphrates, kumene kunali mzinda wa Ur umene Abraham anatulukamo, madzi sanali ofatsa chomwecho, pakuti ankadza mwaukali barele ali pafupi kucha. Anthu anakakamizika kukumba ngalande ndi kuunda makoma a dothi mothandizana, paja mutu umodzi susenza denga. Ndipo malamulo a mfumu Hammurabi, a cha m'ma 1750 Khristu asanabadwe, anagamula kuti wolekerera khoma lake mpaka madzi kuononga munda wa mnzake alipire mbewuzo. Miyala ndi mitengo zinali zosowa, choncho anamanga ndi zidina, nalemba padongo ndi bango. Chigwacho pokhala chosatchingika, mizinda inkalimbana yokhayokha ndiponso ndi obwera.

Apa mphunzitsi asafulumire kupereka yankho. Atulutse anawo pabwalo, aumbe chigwa pamchenga, athirepo ndowa ya madzi pang'onopang'ono, kenaka mokhuthula, ndipo awafunse kumene angamange mudzi, amene angagawe madzi, ndi amene angaweruze mlandu ngalande ikagumuka. Atatsutsana mokwanira, awapatse mapu a mtsinje wa Indus, kumene kunali mzinda wa Mohenjo-daro ndi ngalande zake za njerwa zootcha, ndi a Huang He wa ku China, wonyamula dothi lachikasu, kuti alosere okha za moyo wa kumeneko asanauzidwe.

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Ndipo mwana amene watsata khwawalo ndi chala chake pamchenga, mayina a mafumu akadzafika, adzawapezera pokhala.