Misika Yaculuka, Nanga Mlimi Agulitse Kuti?

Kale mlimi wa m'Zambia sanali kufunafuna msika wa cimanga. Bungwe la NAMBOARD ndi makopaletivu ndiwo anali kugula, pa mtengo wolengezedwa ndi boma. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, ndipo boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991, malonda anamasulidwa: mitengo inasiyidwa kwa ogula ndi ogulitsa, makampani ambiri a boma nagulitsidwa.

Zotsatira zake tikuziona m'mizinda. Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yake yoyamba mu Cairo Road ku Lusaka mu 1995. Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, kenaka kunabwera Arcades, Levy ndi East Park, zonse zikulimbirana ogula amene kale anali kudalira masitolo a pakati pa tauni. Komabe msika wa Soweto sunafe. Ndiwo zamasamba zoculuka zimene Lusaka amadya zimadzerabe kumeneko. Ku Chipata nakonso, msika wa Kapata ulipobe ngakhale kuli Shoprite.

Misika iwiriyi imafuna alimi osiyana. Sitolo yaikulu imafuna tomato wosankhidwa bwino, waukhondo, wofika mlungu uliwonse mosalephera, ndipo kawirikawiri imalipira patapita masiku. Ku Soweto ndalama zimalowa m'thumba tsiku lomwelo ndipo ngakhale tomato waung'ono amagulika, koma magalimoto akafika ambiri m'mawa umodzi mtengo wa bokosi umagwa, pomwe wokugulitsirani amadulanso gawo lake.

Alimi a ku Luangeni, pafupi ndi Chipata, anadandaula kuti Shoprite yawalanda ogula ndiwo zawo. Pambuyo pake anagwirizana monga gulu nayamba kuperekera sitolo yomweyo. Mlimi mmodzi sakanakwanitsa kuculuka kofunikako. Mutu umodzi susenza denga.

Cotero timakulimbikitsani, inu ophunzira ndi inu amene munatsiriza maphunziro, kuti mufunse msika musanafese nazale. Wokerani mbande pang'onopang'ono, milungu iwiri kapena itatu iliyonse, kuti zokolola zisapse nthawi imodzi. Lembani mtengo wa mbewu, feteleza, mankhwala ndi mayendedwe, kuti mudziwe mtengo umene simungatsikepo. Gawani zokolola: zabwino koposa zipite kusitolo, zotsala kumsika. Boma silidzakulengezerani mtengo wa kabichi; wotsiriza kuwerengera ndinu.